Barbara McClintock ndi Chinsinsi cha Chimanga Chamawanga

Mlimi aliyense amene adasendapo chimanga cha makolo amadziwa kuti pachitsononkho chimodzi pamatha kukhala maso oyera, ofiira ndi ena amawangamawanga. Ambiri amangochiwotcha n'kukukuta. Koma Mayi Barbara McClintock adatha zaka zambiri akufufuza gwero la mawangawo.

Iwo adabadwa pa 16 Juni 1902 mumzinda wa Hartford ku America. Mayi awo sadafune kuti apite kuyunivesite, poopa kuti mtsikana wophunzira kwambiri sapeza banja, komabe mu 1919 adalowa Cornell, ndipo mu 1927 adalandira digiri yapamwamba koposa pa maphunziro a zomera.

Mu 1931, pamodzi ndi wophunzira wawo Harriet Creighton, adaonetsa poyera kuti makromozomu, timaulusi tam'selo tonyamula majini, amasinthana zidutswa pamene mbewu ikukonzekera kubereka. Majini ndiwo malangizo amene mwana amatengera kwa makolo. Ngakhale adatchuka chotero, malo okhazikika adasowa. Ku yunivesite ya Missouri adaona kuti sadzakwezedwa, tsono mu 1941 adasamukira ku Cold Spring Harbor, kumene adakhala mpaka ukalamba.

Kumeneko ndiko adagwira ntchito yaikulu. Chaka ndi chaka ankatenga okha mungu pangayaye n'kuuthira pandevu za chimanga chimene asankha, nadikira miyezi kuti akolole ndi kuunika pa maikulosikopu. Adapeza kuti tizidutswa tiwiri, timene adatitcha Ac ndi Ds, sitikhala malo amodzi. Ds ikalumphira pakati pa jini yopatsa diso mtundu, jiniyo imaleka kugwira ntchito ndipo disolo limayera. Koma Ac ikakhalapo, Ds imachokamo m'maselo ena diso lili mkati mokula, motero mtundu umabwerera m'maselo amenewo ndi ena onse obadwa kwa iwo. Ikachoka msanga, banga limakula. Ikachedwa, pamangotuluka timadontho.

Pa nthawiyo akatswiri ankakhulupirira kuti majini amakhala mondondozana ngati mikanda paulusi, osasuntha. Pamene adafotokoza zimenezi pamsonkhano wa 1951, ambiri adangoti kukamwa yasa, ena nakayika. Kunena zoona, mafotokozedwe awo adali ovuta kutsata, koma umboni udalipo kwa wofuna kuuyesa. Atangopyola 1953 adaleka kusindikiza zambiri za nkhaniyi, ngakhale kufufuza sadasiye.

Chowayeretsa chidachokera kwina. Tizidutswa tolumpha tidapezekanso m'mabakiteriya, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kudabwera luso lodula kachidutswa ka DNA, kukalumikiza ku DNA ina yonyamulira, ndi kukalowetsa m'bakiteriya kuti pamene ikuswana ikachulukitse mpaka kakwanire kupimidwa. Ndi luso limeneli, limene lero ophunzira a m'mayunivesite amaligwiritsa ntchito pofufuza majini a zomera, Nina Fedoroff ndi anzake adapatula Ac ndi Ds mu 1983. Zimene mayi uja adazizindikira poyang'ana mawanga zidagwirika m'botolo.

Chaka chomwecho adalandira mphotho ya Nobel ali ndi zaka 81, mkazi woyamba kuilandira payekha pa gawo la zamankhwala. Adamwalira pa 2 Seputembala 1992, osakwatiwa monga momwe mayi awo adaopera. Mu 2009, DNA ya chimanga itawerengedwa, kudapezeka kuti pafupifupi magawo 85 mwa 100 alionse ndi tizidutswa tamtundu wolumphawu.