Masauko Chipembere, phungu amene anasandutsa funso kukhala chida

Henry Masauko Blasius Chipembere anabadwa pa 5 Ogasiti 1930 ku Kayoyo, dera lomwe lero lili m'boma la Ntchisi. Bambo ake, Habil Matthew Chipembere, anali mphunzitsi wa mpingo wa Anglican yemwe pambuyo pake anadzozedwa unsembe, ndipo mudzi umene banjali linakhazikika ndi Malindi, m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi. Mnyamatayu anaphunzira ku Blantyre Secondary School, kenako ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, n'kukatsiriza ku Fort Hare ku South Africa. Atabwerera kumudzi analowa ntchito ya boma ngati wothandizira bwana DC ku Domasi, ku Fort Johnston ndi ku Dedza.

Ntchito imeneyi inamuonetsa boma la atsamunda cham'kati. Boma la Dedza limayambira kumapiri n'kutsetsereka mpaka kuchigwa cha Mua, Golomoti ndi Mtakataka, ndipo m'zaka zimenezo mlimi wa kumtunda ndi wa kuchigwa yemwe ankalira chinthu chimodzi: malamulo a malimidwe, omwe ankalipiritsa kapena kumangitsa munthu chifukwa cha mizere ya m'munda mwake momwe. Pamwamba pa izo panali chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuchikana poyera. Wogwira ntchito m'boma analibe pakamwa pa zinthu zotere. Chipembere anatula pansi ntchitoyo.

Mu Malichi 1956, ali ndi zaka 25, anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Chisankhocho sichinali cha anthu onse. Ankavota ndi makhonsolo a zigawo, momwe munali mafumu ndi anthu ena odziwika. Anthu akuda anapatsidwa mipando isanu yokha, ndipo anaitenga ndi Chipembere, Kanyama Chiume, Ralph Chinyama, N.D. Kwenje ndi Dunstan Chijozi. Akuluakulu a boma ndi oimira azungu anali ochuluka, kotero pa voti iliyonse asanuwo ankadziwiratu kuti agonja. Nduna monga tikuzidziwira lero kunalibe. Oyankha m'malo mwa boma anali mlembi wamkulu, mkulu wa zachuma, mkulu wa zamalamulo ndi anzawo, anthu osankhidwa kuchokera ku London omwe sankaopa kuti wina angawachotse pampando.

Chimene Chipembere ndi Chiume anazindikira n'chakuti ngakhale munthu wosaopa voti amaopa kulembedwa. Malamulo a Nyumbayo ankalola phungu kupereka funso lolembedwa, ndipo mkulu wa boma ankayenera kuliyankha pamaso pa onse. Akayankha mozemba, phungu ankaimirira n'kufunsa funso lotsatira lomwe mkuluyo sanalikonzekere, ndipo apa m'pamene ambiri ankapunthwa. Awiriwa ankafunsa za tsankho, za kuchedwa kukweza anthu akuda pantchito za boma, za malimidwe, ndi za phindu limene Nyasaland inkapeza m'chitaganya. Mawu onse, funso ndi yankho lomwe, ankasindikizidwa m'buku la Hansard. Bukuli, lomwe kale linkangodya fumbi m'maofesi, linayamba kugulidwa ndi aphunzitsi ndi makalaliki, amene ankaliwerenga n'kumafotokozera anzawo m'chinenero chawo. Anthu amene anakula akuvula chipewa kwa mzungu aliyense anaona mnyamata wa kwawo akumupanikiza ndi mafunso mpaka kusowa chonena.

Ngakhale zinali choncho, Chipembere ankaona kuti iye ndi anzake ndi aang'ono kwambiri moti akulu a m'midzi sangawatsate. Ndiye analimbikira kulembera Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe pa nthawiyo anali ku Ghana, kuti abwere adzatsogolere Nyasaland African Congress. Banda anatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, ndipo Chipembere anakhala msungichuma wamkulu wa chipanicho. Apa mbiri yake ili ndi banga losabisika. Iye anali m'gulu la amene anamukweza Banda ngati mpulumutsi wosalakwa, ndipo m'misonkhano ankalankhula mawu oopseza anthu osiyana nawo maganizo. Ufulu wofunsa umene ankaumenyera ku Zomba sankaupereka mosavuta kwa otsutsa chipani chake.

Pa 3 Malichi 1959 boma linalengeza za chipwirikiti, ndipo anatsekeredwa ku Gwelo pamodzi ndi Banda. Anatuluka mu Seputembala 1960, koma posakhalitsa anamangidwanso chifukwa cha zolankhula zake ndipo anakhala m'ndende ya Zomba mpaka Januwale 1963. Pachisankho cha 1961 mpando wa kwawo anausunga ndi bambo ake. Atatuluka anakhala nduna ya maboma aang'ono, kenako ya maphunziro.

Patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, nduna zinasemphana ndi Banda. Zinkadandaula za tiki imene odwala ankalipira m'zipatala za boma, za lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma, za ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndiponso za chizolowezi cha Banda chogamula yekha n'kumazitcha anyamata ake pagulu. Pa 7 Seputembala Banda anachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula maudindo pogwirizana ndi anzawo. Chipembere anali ku Canada pamsonkhano wa zamaphunziro. Anafika Nyumba ya Malamulo itayamba kale kukambirana, pa 8 ndi 9 Seputembala, ngati ili ndi chikhulupiriro mwa Banda. Anatula unduna, nakakhala pampando wa phungu wamba, nalankhula tsiku lachiwiri. Anateteza anzake kuti sanali oukira, kuti kuuza mtsogoleri pamene walakwitsa ndi ntchito ya nduna.

Koma Nyumba imeneyi inali yosiyana ndi ya 1956. Aphungu 50 a Malawi Congress Party analowa popanda wopikisana nawo, ndipo aliyense ankadziwa amene anamupatsa mpando. M'malo mofunsa za tiki kapena za malipiro, ambiri anapikisana pa kutamanda Ngwazi ndi kunyoza nduna zochotsedwazo. Chikhulupiriro mwa Banda chinavomerezedwa popanda wokana. Ngakhale nduna zakale sizinavote motsutsa, poganiza kuti mpata woyanjana ukadalipo.

Mpatawo sunapezeke. Chipembere analamulidwa kuti asachoke ku Malindi, koma anathawira kutchire. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 iye ndi omutsatira analanda boma la Fort Johnston n'kuyamba ulendo wa ku Zomba, koma atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, ndipo asilikali a boma anawabalalitsa. Midzi ya ku Mangochi inalipira mtengo wowawa. Anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa n'kukatsekeredwa kwa zaka. Iye anatuluka m'dziko mwachinsinsi chaka chomwecho, nakakhala ku America, kenako ku Tanzania komwe anaphunzitsa pa Kivukoni College, n'kubwereranso ku Los Angeles mu 1969. Mu 1966 Malawi linakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Nyumba yomweyo ya ku Zomba inavomereza kuti Banda akhale pulezidenti wamuyaya.

Anamwalira ndi matenda a shuga pa 24 Seputembala 1975, ali ndi zaka 45, dzina lake lili loletsedwa kutchulidwa kwawo. Mkazi wake, Catherine, anabwerera kumudzi ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ndipo mu 1994 anthu a ku Mangochi anamusankha kukhala phungu wawo.