Edmond Albius ndi Duŵa la Vanila

Vanila ndi chomera choyanga chimene zitheba zake zimanunkhiritsa makeke ndi zakudya zina. Kwawo kwa chomerachi ndi ku Mexico, kumene njuchi zakumeneko zimanyamula mungu wa maluŵa ake. Afalansa atachibzala pa chilumba cha Réunion, chinkachita maluŵa koma osabala, popeza njuchizo kunalibe.

Edmond anabadwira pa chilumbachi m'chaka cha 1829 ali kapolo. Mai ake anamwalira iye atangobadwa, ndipo anakulira pakhomo pa mbuye wake, Féréol Bellier-Beaumont, amene anamphunzitsa za zomera.

M'chaka cha 1841, ali ndi zaka 12 zokha, mnyamatayu anatulukira chimene chinasautsa alimi kwa nthaŵi yaitali. M'kati mwa duŵa la vanila muli kachikopa kolekanitsa mungu ndi mbali yachikazi. Edmond anatukula kachikopako ndi kamtengo kosongoka, nakanikiza mbali ziŵirizo ndi chala chachikulu. Duŵalo linabala chitheba. Ntchito imeneyi imachitika m'maŵa, pakuti duŵa lililonse limamasula tsiku limodzi lokha.

Ukapolo utatha m'chaka cha 1848, Edmond anapatsidwa dzina lakuti Albius. Eni minda analemera ndi nzeru zake, koma mwini wake sanapindule kanthu. Anagwira ntchito ya m'khitchini, anakhalako m'ndende, ndipo anamwalira ali mmphaŵi ku Sainte-Suzanne m'chaka cha 1880.

Lero ku Madagascar, dziko lolima vanila wambiri koposa maiko onse, alimi amakwatitsa maluŵa limodzi ndi limodzi monga anachitira mwana wamasiye uja.