Cicely Williams: Dokotala Amene Anatchera Khutu kwa Amayi

Cicely Williams anabadwa pa 2 Disembala 1893 ku Kew Park, pa chilumba cha Jamaica. Anaphunzira udokotala pa yunivesite ya Oxford m'zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene amuna ambiri anali kunkhondo ndipo akazi anayamba kupatsidwa malo pa maphunzirowo. Anamaliza mu 1923 pa King's College Hospital ku London. Mu 1929 boma la Britain linawatumiza ku Gold Coast, dziko limene lero likutchedwa Ghana, kukasamalira amayi ndi ana.

Pa chipatala cha ana cha Princess Marie Louise mumzinda wa Accra, mayi Williams anaona matenda amene sankagwirizana ndi zimene anawerenga m'mabuku. Ankagwira ana a chaka chimodzi mpaka zaka zinayi. Mwana ankatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi linkafiira ndi kupyapyala, khungu linkada n'kumasupuka, ndipo ankangokhala ndwii, osafuna kudya kapena kusewera. Ambiri ankamwalira. Atayeza mitembo ya ana ena, dokotalayu anapeza kuti chiwindi chinali chodzaza mafuta. Atafunsa za kadyedwe, anamva nkhani imodzimodzi: mwanayo analeka kuyamwa, kapena ankayamwa mkaka wosakwanira, ndipo ankakhalira phala la chimanga lokha. Ana amene anafika msanga n'kupatsidwa mkaka ankachira.

Zimenezi anazilemba mu 1933 m'magazini ya madokotala a ana, matendawo ali opanda dzina. Komatu dzinalo linalipo kale. Anamwino ndi amayi olankhula Chiga, chinenero cha anthu a ku Accra, ankawatchula kuti kwashiorkor, kutanthauza matenda amene amagwira mwana wamkulu akalandidwa bere chifukwa cha mng'ono wake. M'mawu amodzi amenewa munali msinkhu wa wodwala, nthawi imene matenda amayamba, ndiponso njira yolondolera gwero lake. Mu 1935 mayi Williams analemba nkhani yachiwiri m'magazini ya The Lancet, ndipo pamutu pake anaikapo mawu a Chiga aja.

Akuluakulu a zachipatala sanakondwe nazo. Amene anatsutsa kwambiri anali Hugh Stannus, dokotala amene anagwirapo ntchito ku Nyasaland, tsidya lija la malire a ku Zóbuè, ndipo mu 1912 analemba za matenda a pelagra pakati pa akaidi a ku Zomba. Iye ankakhulupirira kuti zimene mayi Williams anaona zinali pelagra yogwira ana. Mayiwo sanagonje. Anaonetsa kuti pelagra imaononga khungu la malo owombedwa ndi dzuwa, pamene ana awo ankasupuka m'matako, m'mphechepeche ndi kuseri kwa mawondo. Patapita zaka, madokotala anavomereza kuti matendawa ndi osiyana, ndipo lero mawu a amayi a ku Accra alembedwa m'mabuku a zachipatala a m'zinenero zambiri, Chipwitikizi chomwe.

Kafukufuku wobwera pambuyo pake anaunikira zimene zimachitika m'kati mwa thupi. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kamene kamatulutsa homoni yokulitsa thupi. Homoniyi imafika kuchiwindi, ndipo chiwindi chimapanga ina, yotchedwa IGF-1, imene imachititsa mafupa ndi minofu kukula. Mwa mwana wa kwashiorkor homoni yoyamba ija imakhala yochuluka, koma yachiwiri imachepa kwambiri, motero uthenga woti akule umathera panjira. Mayi Williams ankaganiza kuti gwero ndi kuchepa kwa mapuloteni. Mu 2013 kafukufuku wa ana amapasa ku Malawi anaonetsa kuti tizilombo tokhala m'matumbo natonso tili ndi mbali yake. Funso limene iwo anatsegula akatswiri akali kulisanthula.

Mu 1936 anasamutsidwira ku Malaya. Kumeneko anapeza makanda akufa chifukwa chomwetsedwa mkaka wotsekemera wa m'zitini m'malo mwa bere, ndipo mu 1939 ku Singapore anadzudzula poyera makampani otsatsa mkakawo. Asilikali a Japan atalanda mzindawo mu 1942, anawatsekera m'ndende ya Changi. Anakhala m'ukaidi mpaka 1945 ndipo anadwala matenda a beriberi, moti njala imene ankaiona mwa ana anailawa ndi thupi lawo. Mu 1948 anakhala mtsogoleri woyamba wa nthambi ya umoyo wa amayi ndi ana m'bungwe la WHO ku Geneva. Anaphunzitsanso ku London, Beirut ndi New Orleans. Anamwalira ku Oxford pa 13 Julayi 1992 ali ndi zaka 98.

Kwa mphunzitsi

Mbiri iyi si ya kutali ndi ife. Ku Chipanga, ku Moatize ndi ku Zóbuè, phala la chimanga ndilo mwana amadya akaleka kuyamwa. M'Chinyanja muli mawu onena za izi: kutupikana, kunyentchera, kupinimbira. Palinso utumbidwa, dzina la matenda a mwana amene mayi ake atenga pathupi iye akali pabere, ndipo tanthauzo lake silili kutali ndi la kwashiorkor. Mabanja ena mwana akatupa amati ndi tsempho, n'kumafunafuna wolakwa mmalo mothamangira kuchipatala.

Mayi Williams sanatenge zonse zimene anamva kukhala zoona, komanso sanazinyoze. Anamvetsera, anayeza, nasunga chimene chinali cholondola. Inunso mwana akatchula mawu a kwawo m'phunziro la sayansi, musawafafanize pothamangira a Chipwitikizi. Alembeni pabolodi, funsani kuti kwawo amatanthauzanji, kenaka muwaike pafupi ndi mawu a m'buku. Mukatero phunzirolo lidzafika kunyumba m'chinenero chimene agogo ndi amayi amamva, ndipo mwana wotupa mapazi angafike kuchipatala nthawi ikadalipo.

Zochita

1. Funsani achikulire a kumene mukuchita maphunziro oyeserera mawu amene amatchulira matenda a ana obwera chifukwa cha kadyedwe. Lembani tanthauzo la mawu aliwonse monga iwo alifotokozera.

2. Pa mawu amenewo, siyanitsani onena zimene zimaoneka pathupi ndi onena zimene anthu amakhulupirira kuti ndilo gwero.

3. Konzani phunziro la m'Chinyanja lofotokoza chifukwa chake phala la mwana liyenera kuthiridwa nsinjiro, ufa wa soya, nyemba, dzira kapena usipa wosinja.