Louis Braille ndi Timadontho Tisanu ndi Kamodzi

Louis Braille anabadwa pa 4 January 1809 m'mudzi wa Coupvray, kum'mawa kwa mzinda wa Paris ku France. Bambo ake ankasoka zingwe ndi zishalo za akavalo pogwiritsa ntchito zikopa. Ali ndi zaka zitatu, Louis anadzibaya m'diso ndi chitsulo chosongoka pamene ankasewera pamalo a ntchito a bambo akewo. Bala lija linayambitsa matenda amene anafalikira ku diso linalo, ndipo pofika zaka zisanu sankaonanso.

Makolo ake sanamubise m'nyumba. Anamutumiza kusukulu ya m'mudzimo, kumene ankaphunzira pongomvetsera. Mu 1819 anapita kusukulu ya ana osaona ku Paris. Mabuku a kumeneko anali ochepa ndi olemera, a zilembo zikuluzikulu zotukuka. Kuwerenga kunali kwapang'onopang'ono, ndipo kulemba kalata kunali kovuta kwambiri.

Kusukuluko kunafika njira ya Charles Barbier yolemba ndi timadontho tofika 12. Louis anaona kuti nsonga ya chala siingakhudze timadontho tonseto nthawi imodzi. Anayamba kuboola mapepala usiku, kuyesa ndi kuyesanso. Mu 1824, ali ndi zaka 15, anali atapeza njira ya timadontho tisanu ndi kamodzi, totha kusanjidwa m'njira 63. Anaisindikiza mu 1829. Tsopano munthu wosaona ankatha kulemba yekha ndi kuwerenga zimene walembazo.

Louis anakhala mphunzitsi pasukulu yomweyo, komanso ankaimba limba m'matchalitchi. Ophunzira anaikonda njira yake, koma akuluakulu ena oona anaikana. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 6 January 1852, ali ndi zaka 43. Patapita zaka ziwiri, sukuluyo inavomereza njirayo. Mu 1952 mafupa ake anawasamutsira ku Panthéon, kumene kumagona anthu olemekezeka a dziko la France.

Lero zilembo za Braille zikulembedwa m'zilankhulo zambiri, ndipo ana osaona kuno kwathu amaphunziranso nazo. Chaka chilichonse pa 4 January dziko lonse limakumbukira ntchitoyi.

Abwenzi, njira imeneyi sanaipeze anthu oona. Anaipeza mwana amene ankalidziwa vutolo ndi zala zake. Tikamakambirana za chitukuko cha mudzi wathu, kodi anzathu olumala timawafunsa nzeru, kapena timangowaganizira tokha?