John Chilembwe: Chilala, Malo ndi Thangata

Ana ambiri amene mumaphunzitsa m'sukulu za m'mafamu a ku Raffingora ndi madera ena a Mashonaland West ndi adzukulu a anthu amene adachokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, chimanga ndi thonje. Ena adabwera wapansi, ena adabwera ndi Mthandizi. Mwina dzina la John Chilembwe anawo adalimvapo kwa agogo awo, kapena adaona nkhope yake pa ndalama ya pepala ya ku Malawi. M'gawo lino tiona moyo wake, makamaka pa nkhani ya mvula ndi malo, imene mabuku ambiri amangoidumpha pothamangira za nkhondo.

Chilembwe adabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Mu 1892 adayamba ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, mzungu amene sankabisa kuti Afrika ndi ya Aafrika. Mu 1897 awiriwa adapita ku America, komwe Chilembwe adaphunzira za ubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, mothandizidwa ndi anthu akuda a mpingo wa National Baptist Convention. Atabwerera mu 1900 adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Adatsegula sukulu zingapo, ndipo ankalimbikira kuti munthu wakuda aphunzire, alime, avale bwino, asamadziderere. Inu aphunzitsi musaiwale mfundo iyi: kwa zaka zoposa khumi chida chake chidali sukulu ndi tchalitchi basi.

Pafupi ndi Mbombwe padali minda ikuluikulu ya A. L. Bruce Estates, ndipo woyang'anira ku Magomero adali William Jervis Livingstone. Ambiri mwa okhala pamalowo adali Alomwe othawa nkhanza ndi njala ku Mozambique. Poti adalibe malo awoawo, ankalipira pokhala pawo ndi thukuta. Imeneyi ndiyo idali thangata. Kale mawuwa ankatanthauza kuthandizana, koma pa esiteti adasanduka goli. Pepala linkati mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho wa nyumba, koma miyeziyo inkatalika monga afunira bwana, ndipo chikoti sichinkasowa.

Taonetsetsani nthawi imene thangatayo ankaifuna. Inkagwa m'dzinja, mvula itayamba, pamene thonje la bwana likufuna manja. Nthawi yomweyo ndi imene munda wa wantchito ukufuna kubzala ndi kupalira. Aliyense wodziwa khasu akudziwa kuti ukachedwa kupalira masabata awiri, nkhokwe imakhala yopanda kanthu. Choncho ngakhale chaka cha mvula yabwino, banja la pa esiteti linkakolola zochepa. Nanga chaka cha ng'amba?

Chaka choterocho chidafika. Mu 1912 ndi 1913 mvula idavuta ndipo njala idagwa kummwera kwa Nyasaland ndi kutsidya kwa Mozambique. Anthu enanso ambiri adawoloka malire kufuna chakudya, ndipo eni minda adapeza antchito oti sangakane chilichonse. Msonkho sudaime chifukwa cha njala. Thambo lidauma pamwamba pa onse mofanana, koma amene ankagona ndi njala adali amene alibe malo, alibe nkhokwe, alibenso kokadandaula. Pa nthawi yomweyo matchalitchi a udzu amene anthu a Chilembwe ankamanga pa malo a Bruce ankatenthedwa. Iye mwini adali ndi ngongole, akudwala mphumu, maso akuchita mdima.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, Aafrika adafa ku Karonga mu Sepitembala 1914. Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti osauka akukhetsa magazi pa nkhondo ya eni chuma, koma boma lidaitsekereza. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira. Livingstone adaphedwa nadulidwa mutu, azungu ena awiri adaphedwanso, koma amayi ndi ana sadawapweteke. Ofuna mfuti ku sitolo ya Mandala ku Blantyre adapeza zochepa. Pa 3 Febuluwale 1915 Chilembwe adawomberedwa kufupi ndi malire a Mozambique. Otsatira ake ambiri adanyongedwa kapena kuwomberedwa, ndipo tchalitchi chake cha njerwa chidaphwasulidwa ndi mabomba. Mishoniyo idatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu. Pophunzitsa musabise za mutu wodulidwawo. Ana a m'makalasi apamwamba angathe kumva kuti madandaulo adali oona ngakhale njirayo idali yoopsa.

Tisamunamizire Chilembwe kuti ankalankhula za kusintha kwa nyengo. Nkhaniyo padalibe m'masiku ake. Koma funso limene adaliona ku Magomero ndi lomwe omenyera chilungamo pa za nyengo amafunsa masiku ano: mvula ikalakwa, amalipira ndani? Afrika yonse imatulutsa mpweya woipa wosafika magawo 4 pa 100 a dziko lonse, komabe namondwe Freddy mu Malichi 2023 adakwirira midzi ndi matope ku Chiradzulu komweko, kwawo kwa Chilembwe. Mtsutso womwewu ndi umene udachititsa kuti msonkhano wa COP27 ku Egypt mu 2022 uvomereze thumba lolipirira zowonongeka m'maiko osauka.

Kwanuko simukusowa zitsanzo. Minda itayamba kugawidwa mu 2000, antchito a m'mafamu amene adalandira malo adali ochepa, ndipo lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri a makolo ochokera kunja opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a 2013 atakonzako zina. Chilala cha 2024 chidapeza mabanja ena otere akukhalabe m'makomboni, akudalira ganyu m'minda ya ena.

Musanapite ku gawo lotsatira, pemphani ophunzira anu akafunse akuluakulu kunyumba za chilala cha 1992: adadya chiyani, chakudyacho adachipeza kwa yani, ndipo adabweza ndi chiyani. Mayankhowo muwayerekeze ndi za ku Magomero, ndipo mulembe tsamba limodzi lotumiza kwa mlangizi wanu.