Tisaiwale Malemu Alick Nkhata

Ambiri a ife amene tinafikako ku Lusaka tinayendapo pa mseu wa Alick Nkhata, uja upita pa Mass Media Complex pamene pali likulu la wailesi ya ZNBC. Koma tikafunsa acinyamata a m'maparishi athu kuno ku Chipata kuti mwini dzinali anali ndani, ambiri angoti kukamwa yasa. Ena ayesa anali nduna ya boma, ena akuti mwina anali mkulu wa asilikali. Izi zitimvetsa cisoni, cifukwa munthu ameneyu ndiye anayamba kumveketsa nyimbo za makolo athu m'dziko lonse lino.

A Alick Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Atate ao anali Atonga ndipo amai ao anali Abemba, motero anakula akumva zilankhulo zosiyanasiyana. Anaphunzira nchito ya uphunzitsi, koma Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse itabuka analowa usilikali ndipo anafika mpaka ku Burma, monga anacitira anyamata ambiri a kuno kum'mawa amene ife tinawapeza ali nkhalamba za mamendulo pacifuwa.

Nkhondo itatha, a Nkhata anagwira nchito ndi a Hugh Tracey, mzungu amene anali kuyenda m'midzi ya maiko ambiri a mu Africa kujambula nyimbo za anthu ndi makina. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti nyimbo ya amai pamtondo ndi ya abambo pamowa ndi cuma coyenera kusungidwa. Zimene a Tracey anajambula zikali kusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa.

Pa nthawi yomweyo ku Lusaka kunali wailesi yochedwa Central African Broadcasting Service, imene inali kuulutsa m'zilankhulo zathu ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Bvuto linali lakuti anthu akuda analibe mawailesi m'nyumba zao cifukwa ca kukwera mtengo. M'caka ca 1949 kampani ya Ever Ready, popemphedwa ndi a Harry Franklin amene anali mkulu wa zofalitsa nkhani, inayamba kupanga kawailesi ka batire kochipa, ka mapaundi 5. Kanali kooneka ngati poto, ndipo kanachedwa Saucepan Special. Aphunzitsi, akalaliki ndi amene anabwerako ku migodi anayamba kugula, ndipo madzulo mudzi wonse unali kusonkhana pakhomo limodzi kudzamvera.

A Nkhata analowa nchito pa wailesi imeneyi monga muulutsi ndi womasulira, ndipo posacedwa mau ao anadziwika kulikonse. Anali kutenga nyimbo za kumudzi ndi kuziimba ndi gitala, poyamba ndi kagulu kao ka anthu anai, pambuyo pake ndi Lusaka Radio Band, imene inadzachedwa Big Gold Six. Anali kuimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zilankhulo zina. Pa nyimbo zao zochuka pali Shalapo, Imbote ndi Taxi Driver. Ife a kum'mawa tili ndi yathu, Kalindawalo ni Mfumu, yochula mfumu yaikulu ya Ansenga ku Petauke. Munthu wobadwira ku Kasama ndiye anacititsa kuti dzina la mfumu yathu liimbidwe ndi anthu amene sanapondepo ku Petauke.

Nyimbo zao zambiri zinali kunena za moyo wa m'tauni: mowa, cikondi cacinyengo, anyamata ocenjeretsa ndi atsikana otengeka ndi ndalama. Masiku amenewo amuna ambiri anali kusiya akazi ndi minda kupita ku Copperbelt kapena ku Salisbury, ndipo ena sanabwererenso. A Nkhata anali kuwadzudzula moseketsa, kotero kuti wodzudzulidwayo anali kuyamba waseka, ndipo pambuyo pake n'kuzindikira kuti nyimboyo inena iye. Ife amene tiphunzitsa katekisimu tidziwa kuti phunziro loimbidwa likhalitsa m'mutu kuposa lolalikidwa. Umo ndi mmene aphungu athu alangizira pa cinamwali kuyambira kale.

Nchito yao sinali yopepuka. M'zaka za Federation, kuyambira 1953 mpaka 1963, anthu ambiri anali kukaikira wailesi cifukwa inali ya boma la atsamunda, ndipo anthu akuda ogwira nchito kumeneko ananenedwa zambiri zoipa. A Peter Fraenkel, amene anagwira nao nchito, anafotokoza za masikuwo m'buku lao la Wayaleshi la mu 1959. Koma a Nkhata anaima ndi anthu ao, ndipo nthawi yomenyera ufulu anaimba nyimbo zolimbikitsa cipani ca UNIP. Dziko litalandira ufulu mu 1964 anakhala mmodzi wa akuluakulu a wailesi ya Zambia, ndiponso anatsogolera nthambi ya boma yoona za miyambo.

Atapuma pa nchito anapita kukakhala pa famu yao ku Mkushi ndi kuyamba ulimi, monga ife tonse. Imfa inawapeza komweko. Pa 19 October 1978 asilikali a boma la a Ian Smith analowa m'dziko lathu ndi ndege ndi kuphulitsa misasa ya ZAPU ya a Joshua Nkomo ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka ndiponso ku Mkushi. Anthu ambiri anafa tsikulo. Famu ya a Nkhata inali pafupi ndi msasa wa ku Mkushi, ndipo naonso anaphedwa pa cipolowe cimeneco. Ife tinali ana aang'ono nthawiyo, koma tikumbukira mantha a makolo athu akamva kulira kwa ndege. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zao zakale ndi kuzitulutsanso pa cimbale cochedwa Shalapo.

Tsono funso lili kwa ife. Cibwerere zigayo, nyimbo za pamtondo zinayamba kuzilala, ndipo agogo amene azidziwa tikuwaika m'manda mmodzimmodzi. Ngoma, cimtali ndi nsongwe tiziona kwambiri pa Nc'wala ku Mtenguleni, pa Kulamba ku Mkaika ndi pa Tuwimba, kapena pakabwera alendo aulemu. A Tracey ndi anzao anali kusenza makina olemera kuti ajambule nyimbo imodzi. Lero foni imene tifunsira mtengo wa feteleza itha kucita nchito yomweyo.

Tipempha timagulu tathu ta akhristu, makwaya ndi makalabu a alimi kuti nyengo yokolola ikatha apatule tsiku limodzi. Acinyamata akhale pansi ndi agogo, awapemphe mwaulemu kuti aimbe, ajambule, ndipo alembe dzina la woimba, mudzi wake ndi tanthauzo la nyimboyo. Zojambulidwazo zikasungidwe ku parishi kapena ku sukulu, ndipo tingapemphenso Radio Maria ndi Breeze FM kuti aziulutsako. Mpingo unatilola kale, kucokera pa Msonkhano Waciwiri wa Vatican wa 1962 mpaka 1965, kutamanda Mulungu ndi ng'oma ndi maimbidwe athu. Ngati maimbidwewo atha m'midzi, makwaya athu adzawatenga kuti?

Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Nyimbo za a Nkhata zagonera zaka zoposa 70 ndipo zikali kukoma cifukwa panali wina amene anazijambula. Ticitenso cimodzimodzi ndi za agogo athu akali moyo.

Mzimu wa malemu Alick Nkhata uuse mumtendere.