Simon Nkoli

Simon Tseko Nkoli (26 Novembala 1957 – 30 Novembala 1998) anali womenyera ufulu wa anthu ku South Africa. Analimbana ndi ulamuliro watsankho wa apartheid komanso ndi kusalidwa kwa amuna okondana ndi amuna anzawo ndi akazi okondana ndi akazi anzawo. Kwa iye, nkhondo ziwirizi inali imodzi.

Ubwana ndi ndale

Nkoli anabadwira ku Soweto m'banja lolankhula Chisotho, ndipo pambuyo pake banjalo linakakhala ku Sebokeng. Ali mnyamata analowa bungwe la ophunzira la COSAS. Mu 1983 analowanso bungwe la GASA, koma mamembala ake ambiri anali azungu osafuna kulowerera ndale, choncho anayambitsa gulu la anthu akuda lotchedwa Saturday Group.

Mlandu wa ku Delmas

Mu 1984 anthu a m'dera la Vaal anaukira kukwera kwa lendi, ndipo Nkoli anamangidwa. Anali mmodzi mwa anthu 22 oimbidwa mlandu woukira boma ku Delmas, womwe chilango chake chikanatha kukhala imfa. Ali m'ndende anaulula kwa anzake kuti amakonda amuna. Ena anafuna kuti azengedwe mlandu payekha poopa kunyozetsa gulu, koma atakambirana kwa nthawi yaitali anamulandira. Mmodzi wa iwo, Mosiuoa Lekota, anadzakhala nduna ya chitetezo. Khoti linapeza Nkoli wosalakwa mu 1988.

Ntchito yake atamasulidwa

Chaka chomwecho anakhazikitsa bungwe la GLOW, lolandira anthu a mitundu yonse. Pa 13 Okutobala 1990, iye ndi Beverley Ditsie anali m'gulu la otsogolera ndawala yoyamba ya Pride mu Africa, ku Johannesburg. Analengezanso poyera kuti ali ndi kachilombo ka HIV pa nthawi yomwe ambiri ankabisa.

Khama la Nkoli ndi anzake linathandiza kuti malamulo aakulu a South Africa a 1996 aletse kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, chinthu chomwe dziko lina lililonse linali lisanalembe m'malamulo ake aakulu. Mu Okutobala 1998 khoti loona za malamulowa linathetsa lamulo lomanga amuna ogonana okhaokha. Ku Malawi lamulo lotere lilipobe, ndipo chilango chake chimafika zaka 14.

Imfa

Nkoli anamwalira ndi matenda a Edzi ku Johannesburg ali ndi zaka 41. Patangopita masiku 10, anzake motsogozedwa ndi Zackie Achmat anayambitsa bungwe la Treatment Action Campaign lomenyera kuti odwala osauka azilandira mankhwala otalikitsa moyo.